Kukweza voliyumu sikunathandize: mmene tinakonzera saundi ya sewero kuti osamva nawonso atsatire

Teremu yatha ana anga a kalabu ya zisudzo anakonza sewero la msodzi amene analowa panyanja usiku kukapha usipa, mwera n'kumupeza komweko. Ine ndine patironi wawo, komanso Loweruka ndimagwirako maganyu oyendetsa zimkuzamawu m'maukwati ndi m'zinkhoswe kuyambira pa Boma la Mangochi pano mpaka ku Namwera, nde pa nkhani ya saundi ndinkadziona ngati dolo ndithu. Tsiku lina mtsikana wa fomu 3 amene ankasewera ngati mkazi wa msodziyo ananditsatira tikuweruka n'kuti, "Sala, achemwali anga akufuna adzaonere koma samva, ndipo akuti abwera ndi anzawo, onse ndi osamvanso." Ine osaganiza n'komwe ndinangoti asadandaule, ndibweretsa masipika akuluakulu aja a ukwati.

Tinawaitana pa rihesalo, anabwera anthu asanu. Ndinakweza mpaka malata a holo kuchita kulira, ana anga makutu kuwawa. Mnyamata wina amene amavala kamakina kothandiza kumva anangokavula n'kukaika m'thumba la shati nkhope itakwinyika. Titamaliza achemwali aja anatenga kope la mng'ono wawo n'kulemba funso limodzi: "Mayi uja walira chifukwa chani?" Ndinachita manyazi chifukwa sewero lonse lagona pamenepo. Mayiyo amalira chifukwa foni yalira m'nyumba, kenako mawu a munthu wosaoneka akumveka kuseri kwa katani akuti boti silinabwerere. Ife akumva zonsezo tinazilandira osadziwa n'komwe kuti talandira kanthu. Iwo anaona mzimayi akusesa, kenako mwadzidzidzi wagwa pansi akudzigubuduza.

Kuyambira tsiku limenelo tinayambiranso, ndipo achemwali aja ndi mnyamata wa kamakina uja ankabwera pa rihesalo iliyonse Lachitatu. Zambiri zomwe ndikulemba panozi zinachokera kwa iwowo.

Choyamba chomwe ndinasokoneza ndi kuganiza kuti osamva onse ndi amodzi. Pa anthu asanu aja panali wobadwa wosamva, panali amene anasiya kumva ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri atadwala malungo aakulu, panali wina amene khutu limodzi limamvako pang'ono. Zoyambitsa n'zambiri ndipo kuno tonse tikuzidziwa: malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, chikuku, mafinya a m'khutu osachiritsidwa msanga, ngakhalenso mankhwala ena amphamvu monga kwinini ndi gentamicin amatha kuwononga khutu. Bungwe la WHO limati anthu oposa 5 peresenti padziko lonse, pafupifupi 430 miliyoni, ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo. Koma pa nkhani ya sewero chofunika kwambiri si chomwe chinawachititsa ayi, ndi njira imene aliyense amalandirira nkhani. Amene anapita ku sukulu za osamva monga Mua ku Dedza, Mary View ku Chiradzulu, Mountain View ku Thyolo kapena Embangweni ku Mzimba amalankhula chinenero chamanja cha ku Malawi. Amene anakulira kumudzi osapita ku sukulu zoterezi ali ndi zizindikiro zawozawo zomwe anapangana ndi anganga awo ndi abale awo pakhomo, ndipo womasulira wa m'tauni akhoza kugwedeza manja usiku wonse iwo osatolapo kanthu. Amene anasiya kumva atakula kale nthawi zambiri amadalira kuwerenga komanso kuyang'ana milomo. Ndipo chonde mawu aja oti gonthi kapena bubu asiyeni, muziti anthu osamva basi, ambiri mawu ali nawo ndipo amalankhula, kaya ndi pakamwa kaya ndi manja.

Za kuyang'ana milomozi musazidalire. Imani pagalasi munene bala, pala, mala osatulutsa mawu, muona kuti milomo ikuchita chimodzimodzi. Onjezani kuti Chichewa chathu mawu ena amasiyana ndi kakwezedwe ka liwu kokha, mtengo wa mango ndi mtengo wa pamsika pamilomo palibe kusiyana, komanso ana athu kuno akalusa pasiteji amalowetsamo Chiyao osachenjeza. Nde munthu ali pa benchi ya nambala 6 ayang'ane milomo ya mwana amene watembenukira uko? N'zosatheka.

Tsopano chifukwa chomwe masipika anga a ukwati analepherera. Phokoso lili ndi mbali ziwiri, kukula kwake komwe timayeza mu ma decibel, ndi kunenepa kapena kuwonda kwa liwu komwe timayeza mu Hz, kutanthauza kuti mpweya wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Khutu labwinobwino la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Ng'oma yaikulu ya beni ili pansi, wezulo wa beni yemweyo ali pamwamba. Anthu ambiri a vuto la kumva amayamba kutaya mawu a pamwambawa, ndipo vuto ndi loti zilembo zimene zimasiyanitsa mawu monga s ndi f zimakhala kumtunda komweko cha m'ma 4,000 Hz, pamene a, o, u zili pansi ndipo n'zamphamvu. Ukakweza voliyumu umakweza aaa ndi ooo zomwe munthu amamva kale, zomwe akusowa zija osabwerera. Amamva kuti wina akulankhula koma osadziwa chomwe akunena. Komanso khutu lowonongeka nthawi zambiri limakhala ndi khalidwe lina lodabwitsa, phokoso laling'ono silimva koma likangokula pang'ono limapweteka msanga kuposa mmene lingapwetekere kwa iwe. N'chifukwa chake mnyamata uja anavula kamakina. Ndipo ndinkawononga makutu a ana anga omwe, chifukwa akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati 85 decibel munthu angakhalemo maola 8, ndipo ukangowonjezera 3 nthawiyo imadulidwa pakati, 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, ukafika 100 ndi mphindi 15 zokha. Ife a zimkuzamawu za ukwati tiziganizepo, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chomwe chinatithandiza chinali chotopetsa kwambiri, palibe za makina. Tinakhala pansi ndi sikiriputi ndi bolopeni yofiira n'kulemba phokoso lililonse limene lili m'seweromo, olo laling'ono bwanji, ndipo pa lililonse tinkafunsa kuti likugwira ntchito yanji. Tinapeza maphokoso oposa 30, ine ndinkaganiza kuti alipo 10. Ena amabweretsa uthenga, ngati foni ija, kugogoda pachitseko, munthu woitana ali kunja. Amenewa akaphonyedwa nkhani yaduka, nde sitinanyengerere. Ena amangokuuza malo ndi nthawi, tambala, azana ya m'bandakucha yochokera ku mzikiti wa kutali, mafunde kugombe. Ena ntchito yawo ndi ya mumtima, nyimbo yachisoni, kugunda kochititsa mantha. Ndipo panali angapo oti titafunsa ntchito yawo tonse tinangoyang'anizana, ana anawaika chifukwa anawapeza pa intaneti ndipo ankamveka bwino. Amenewo tinachotsa ndipo palibe anawasowa.

Maphokoso a uthenga ambiri sanafune waya aliyense, anafuna kusintha kaseweredwe. Foni tinaichotsa kuseri n'kuiika pa mpando pakati pa siteji, sikirini ikuyang'ana kwa anthu, ikalira imawala ndipo mayiyo amasiya tsache, kutembenuza mutu kaye, kenako thupi, kenako kuyenda. Kutembenuka kumeneko ndiye kulira kwa foni kwa munthu wosamva. Munthu wa mawu osaoneka uja tinamutulutsa poyera, anaima kumapeto kwa siteji foni ili kukhutu, zovala zitanyowa, akupukusa mutu. Wogogoda pachitseko tinakonza kuti dzanja lake lizioneka, chitseko tinachipendeketsa. Lamulo linali loti chilichonse chochitika kuseri kwa katani kwa wosamva sichinachitike. Zodabwitsa n'zoti akumva omwe anati sewero layamba kumveka bwino, chifukwa kunena zoona mu holo yathu ija a kumbuyo nawonso theka la mawu samalimva.

Tambala ndi azana tinazisandutsa kuwala ndi zochita, babu lofiirira likuyaka pang'onopang'ono, bambo wina akudutsa atanyamula mkeka wopempherera atavala chisoti. Aliyense wa kuno akaona zimenezo wadziwa kuti kukucha.

Pomwe panali ntchito yeniyeni, ndipo pomwe ine ndinasangalala napo, ndi pa maphokoso a mumtima aja. Phokoso ndi kunjenjemera, ndipo khutu si chiwalo chokha chomwe chimamva kunjenjemera. Pakhungu, makamaka m'manja ndi ku mapazi, pali timinyewa tina totchedwa Pacinian corpuscles tomwe ntchito yake ndi imeneyo, timamva bwino kwambiri cha pa 250 Hz ndipo ukapitirira 1,000 Hz khungu silitolanso kanthu kwenikweni. Zapansi kwambiri, kutsika pa 100 Hz, zimamveka m'chifuwa ndi m'mimba, mukudziwa mmene zimakhalira minibasi ya sabufa ikaima pafupi nanu pa depoti. Pali mayi wina wa ku Scotland, Evelyn Glennie, woimba ng'oma ndi zida zina zomenya wodziwika padziko lonse, anasiya kumva ali ndi zaka 12 ndipo amakonda kuimba osavala nsapato kuti azimva zida zake kudzera m'mapazi, anaimbanso pa mwambo wotsegulira Olympics ku London mu 2012. Nde si nthano ayi, thupi limamva. Koma lili ndi malire ake, limamva kugunda, liwiro, kukula ndi kuchepa, kuyamba ndi kusiya. Mawu a nyimbo kapena kusiyana kwa gitala ndi kiyibodi musayembekezere.

Vuto la maholo athu ndi simenti. Pansi pa simenti ndi polemera, sabufa olo ilire bwanji sipagwedezeka. Thabwa ndiye limanyamula kunjenjemera bwino. Tinabwereka mapaleti anayi, matabwa okhomedwa aja osanjikapo katundu, kwa bambo wina wa hadiweya, kalipentala n'kuwalumikiza, pamwamba n'kukhomerapo mabenchi awiri. Pansi pa mapaleti tinaika zidutswa za tayala lakale, ntchito yake kuti kunjenjemera kukhale m'matabwamo kusathawire mu simenti. Kenako tinatenga sabufa ya galimoto ili m'bokosi lake n'kuimanga ndi mabawuti ku paleti, osati kungoikhazika pambali ayi, kuimanga kuti bokosi ndi benchi zikhale chinthu chimodzi. Ulendo woyamba tinangoikhazika ndipo inkayenda yokha ngati nkhanu n'kumalira phokoso la chitini. Kunja amagulitsa tizipangizo topangidwira ntchito imeneyi totchedwa bass shaker, topanda chotulutsira mawu, tongogwedeza mpando, amene angakwanitse agule, koma sabufa yakale imagwira. Ampu ya galimoto nayonso ili ndi ubwino wake, ili ndi kabatani kolembedwa LPF kamene kamadula mawu onse apamwamba n'kusiya apansi okha, ife tinaika cha pa 100 Hz, komanso imayendera batire ya 12 volts, nde magetsi akathima, zomwe kuno simuchita kufunsa, benchi imapitirizabe.

Benchiyo tinaipatsa chanelo chakechake pa mikisa, makina aja osakanizira mawu n'kuwagawa ku masipika, chosiyana ndi masipika a anthu onse. Apa ndi pomwe ndinayamba kuganiza mwatsopano, chifukwa ndinali ndi ma saundi awiri tsopano, ya makutu ndi ya thupi, ndipo sizinkayenera kufanana. Injini ya boti tinakaijambula kugombe ndi foni, pamasipika inkamveka bwino koma pabenchi panalibe kanthu chifukwa maiki ya foni simagwira bwino mawu apansi. Nde pa laputopu, mu pulogalamu yaulere ija ya Audacity, tinapanga kaliwu ka 50 Hz n'kukaduladula kuti kazigunda mofanana ndi injini, du du du du, n'kukatumiza ku benchi kokha. Mafunde anakhala kunjenjemera kokwera ndi kutsika pang'onopang'ono. Bingu linakhala kugunda kumodzi kwamphamvu kotha msanga. Achemwali aja ankakhala pabenchi atatseka maso, ine ndikusewera chimodzichimodzi, iwo n'kumalemba chomwe akuganiza kuti ndi chimenecho. Poyamba mafunde ndi injini ankazisokoneza, anandilembera kuti "Aphunzitsi, zonse zikungokhala ngati chigayo." Tinazisiyanitsa ndi kagundidwe osati kukula, ndipo anatilangiza kuti tisapitirire zinthu zitatu kapena zinayi m'sewero lonse, komanso chilichonse chikamayamba kumveka koyamba chizioneka ndi maso, munthu akukoka chingwe cha injini benchi n'kuyamba kugunda nthawi yomweyo. Ukatero thupi laphunzira, ulendo wachiwiri olo boti lisaoneke adziwa kuti likubwera.

Ng'oma zenizeni musaziiwale pothamangira mawaya. Ng'oma yaikulu itaikidwa pa paleti yomweyo imafika m'mapazi popanda batire, ndipo woimbayo akuoneka, dzanja likukwera ndi kutsika, nde maso ndi thupi zikulandira limodzi. Woimba wathu tinamuchotsa kuseri n'kumuika poyera pambali pa siteji. Anaikanso phula pakati pa chikopa monga amachitira akuluakulu kuti liwu linenepe, ndipo sanaiwambe kwambiri pamoto chifukwa ikauma imakwera liwu, ife timafuna yapansi.

Mabaluni nawo amagwira, ukafufuma baluni n'kuligwira ndi nsonga za zala limanjenjemera ndi phokoso la m'chipindamo, osamva a m'maiko ena amachita zimenezi kumakonsati. Tinayesa. Awiri anazikonda, achemwali aja anakana, anati manja awo ndi pakamwa pawo, akagwira baluni alankhula bwanji ndi mnzawo, komanso sakufuna kuoneka ngati ali pa phwando la ana a nasale anthu onse akuwayang'ana. Tinangoika mabaluni m'basiketi pakhomo kuti wofuna atenge, wakumva kaya wosamva.

Magetsi owalitsa ndidutsapo mwachangu. Mphenzi timaionetsa ndi kuwala nthawi imodzi ndi kugunda kwa benchi, koma samalani ndi kuphethiraphethira, kukapitirira katatu pa sekondi kungathe kugwetsa munthu wa khunyu. Ndipo mdima wa bii pakati pa zigawo za sewero kwa wosamva ndi ngati wamutseka pakamwa ndi m'makutu nthawi imodzi, siyani kababu kamodzi kakuyaka.

Tibwerere kwa mnyamata wa kamakina. Iyeyu mdani wake ndi mkokomo. Holo ya makoma a simenti, denga la malata lopanda siling'i, mawindo a magalasi, liwu limagunda khoma n'kubwerera n'kukumana ndi liwu lotsatira, ubongo wa wakumva umatha kusankha koma kamakina kamangokweza zonse pamodzi, ndi mafani omwe, ndi ana akutafuna chimanga kumbuyo. Tinapachika zitenje ndi mabulangete kukhoma la kumbuyo, mikeka m'mbali, tinabwereka matilesi angapo ku hostelo n'kuwaimika m'makona. Zinkaoneka ngati tikusamuka koma ukawomba m'manja mkokomo unachepa zomveka. Mafani tinagwirizana kuti azithima pa zigawo zolankhula kwambiri, ndipo kutentha kwa Mangochi mukukudziwa, panali madandaulo. Nyimbo pansi pa mawu tinaletsa, munthu akamalankhula nyimbo izikhala chete, ikufuna kulira idikire amalize. Pa mikisa ndinatsitsa besi ya maiki a osewera n'kukwezako pang'ono cha m'ma 2,000 mpaka 4,000 Hz kuti s ndi f zija zituluke. Ndipo tinamukhazika kutsogolo pafupi ndi sipika yaing'ono yolira motsitsa, chifukwa pabwalo ukatalikira kawiri phokoso limatsika ndi 6 decibel, kuyandikira kumaposa kukweza. Kuli njira ina yotchedwa induction loop, waya wozungulira malo okhala amene amatumiza mawu a pa maiki molunjika ku kamakina kokhala ndi seting'i ya T, m'maholo a kunja ndi yofala, koma imafuna ampu yakeyake ndipo si timakina tonse tili ndi T, nde musangolumikiza waya ku ampu ya ukwati mudzaiwotcha.

Womasulira chinenero chamanja ndi amene ananyamula mawu onse olankhulidwa, ndipo apa ndinaphunzira kuti iyenso ndi gawo la saundi. Ofuna womasulira yambani kufunsa ku MANAD, bungwe la anthu osamva m'Malawi, ndipo muikeni pa bajeti, ndi ntchito imeneyo si chithandizo cha ulere. Mupatseni sikiriputi masabata angapo zisanachitike. Chinenero chamanja si Chichewa chosandutsidwa manja liwu ndi liwu, chili ndi kasanjidwe kake, nkhope ndi nsidze zimagwira ntchito ya galamala, ndipo cha ku Malawi ndi chosiyana ndi cha ku America kapena ku Britain, nde mavidiyo a pa YouTube sangalowe m'malo mwake. Miyambi ya m'sewero lathu inamutengera masiku kuti apeze njira yoinenera. Anthu a m'sewero aliyense anapatsidwa dzina lamanja ndi osamva eni akewo, msodzi uja dzina lake linali chizindikiro cha chipewa chake chopindika, ndipo tisanayambe sewero osewera anafola kutsogolo aliyense n'kuonetsa dzina lake.

Poyamba tinamuimika pakona monga amachitira pa TV. Achemwali aja anati khosi lawawa, maso akuthamanga uku ndi uku ngati akuonera mpira, akayang'ana womasulira aphonya mbama, akayang'ana mbama aphonya chomwe chayambitsa. Wakumva amatha kuyang'ana kwina akumvetsera, wosamva maso ndi omwewo a zonse. Magulu a zisudzo za osamva akunja, monga National Theatre of the Deaf yomwe inayamba mu 1967 ku America ndi Deaf West Theatre ya ku Los Angeles ya mu 1991, anathana nazo poika chinenero chamanja pakati penipeni pa sewero, osewera eni ake akulankhula ndi manja. Ife sitinafike pamenepo, koma tinamulowetsa womasulira m'siteji atavala ngati mayi wogula usipa kugombe, bulauzi ya mtundu umodzi yopanda maluwa kuti manja azioneka, akuyenda kufupi ndi amene akulankhula. Ndipo tinaphunzitsa ana kupuma. Womasulira amatsalira masekondi angapo m'mbuyo, ndi mmene ntchitoyo ilili, nde chinthu chachikulu chikamachitika, mawu ayambe atha, manja amalize, kenako mbama igwe. Ana zinkawavuta, ankaona ngati sewero likuzizira, mpaka anazindikira kuti kachetechete kameneko kakuchititsa anthu kugwira mpweya. Nthabwala ndiye zinavuta zedi, akumva ankaseka osamva asanalandire, ndipo kuseka wekha mochedwa kapena kuona anzako akuseka iwe osadziwa chifukwa n'kowawa. Zina tinazisintha kuti choseketsacho chikhale chochitika osati cholankhulidwa. Sewero likapitirira ola pezani omasulira awiri, pantchito yawo amasinthana pakatha mphindi 20 kapena 30 chifukwa manja ndi mutu zimatopa.

Kwa odalira kuwerenga tinaika pulojekita, masilaidi akuda zilembo zoyera zikuluzikulu, mizere iwiri basi, nsalu yake pamwamba penipeni pa osewera osati kumbali. Mwana wa fomu 2 ankadina kutsatira osewera, ndipo zinathandiza kuti ana asiye chizolowezi chopeka mawu pasiteji. Maphokoso tinkawalembanso, koma kulemba kuti "nyimbo" n'kungotaya nthawi. Tinkalemba kuti "amayi akuimba motsitsa nyimbo ya maliro kutali" kapena "mphepo ikukula". Chingerezi tinachisiya, ngakhale ena mwa osamva amene anapita kusukulu amawerenga Chingerezi bwino kuposa Chichewa, nde afunseni anthu anuwo musanalembe masilaidi 200.

Nyimbo ya mkazi wa msodzi, yomwe amaimba akudikira kugombe, ndi yomwe sindinakhutire nayo mpaka lero. Mawu ake anali pa nsalu, womasulira anaimasulira ndi thupi lonse mokongola, ng'oma inkagunda pang'onopang'ono m'benchi, koma chomwe chimaliritsa anthu pa nyimbo ija ndi mmene liwu la mtsikanayo limasweka akafika pamwamba, ndipo chimenecho sindinapeze pochidutsitsa. Achemwali ake anati ndisavutike, ankaona mitsempha ya pakhosi pake ndi mmene chibwano chinkanjenjemerera, anangopempha kuti tochi imuwalire kumaso osati kumbuyo.

Tsiku la sewero tinayamba 2 koloko itadutsa kuti anthu abwere atapemphera komanso timalize kusanade. Benchi yathu inatchuka isanagwire n'komwe ntchito, ana a fomu 1 anaithamangira mpaka tinaikapo pulifekiti. Osamva anabwera 9, ena sitinkawadziwa, uthenga unangoyenda pa WhatsApp. Magetsi anathima chigawo chachiwiri, jenereta inatenga mphindi zingapo kuti idzuke, pulojekita inafa kaye koma benchi ya batire, ng'oma ndi womasulira pansi pa matochi awiri zinapitiriza.

Pachimake pa sewero boti lili pakati pa nyanja, mwera wakula, kenako injini imazima. Kwa akumva mphindi imeneyo ndi chete woopsa. Pa rihesalo ndinkadandaula kuti chete ndimuonetsa bwanji kwa munthu amene sakumva kale, ndipo yankho linachokera kwa mnyamata wa kamakina uja, anati injini iyambe kale kwambiri ndipo isasiye mpaka aiwale kuti ilipo. Nde du du du ija inagunda m'benchi mphindi zinayi zathunthu, pansi pa mafunde, pansi pa kukuwa kwa asodzi, kenako ndinatsitsa fedala, kabatani kotsetsereka ka voliyumu, kamodzi n'kuthimitsa zonse. Ndinali pa mikisa cha kumbali ndipo ndinaona anthu 9 aja akuwongoka nthawi imodzi, mayi wina anagwira thabwa la benchi ndi manja onse awiri n'kuyang'ana pansi, kenako kwa msodzi amene ankakoka chingwe chosayankha.

Pomaliza anakweza manja m'mwamba akugwedeza zikhatho, ndiko kuwomba m'manja kwawo, ana anga anali atauzidwa kale nde anabweza chimodzimodzi. Tikumasula mabawuti kuti mapaleti abwerere kwa eni ake, achemwali aja anandipatsa kope. Analemba kuti injini itazima anamva m'mimba kuzizira. Pansi pake analembanso kuti mu chigawo chachitatu mwana wonyamula nkhafi anaima kutsogolo kwa womasulira nthawi yonse, ndipo sakudziwabe chomwe apongozi a msodzi ananena.